Msoti wa Amalume ndi Ukwati Wanga wa ku France

Pali zinthu zina zimene munthu ukazikumbukira umangodzigwira kumaso ngakhale uli wekha m'basi. Ine changa ndi ukwati wa ku France. Ndikuti "wa ku France" chifukwa ndi dzina limene anthu a kutchalitchi anaupatsa ndipo linakanirira, koma ndikuuziretuni kuti ukwatiwo ku France sunapondeko. Amene tinapondako ndi ine ndi bwenzi langa, masiku atatu okha, ndipo manyazi ake ndinakawatolera ku Rotherham, m'holo ya tchalitchi, pamaso pa akuchimuna.

Ndine namwino pa chipatala china chachikulu kuno ku Leeds. M'chipinda chimene timamweramo tiyi ku wodi kwathu muli kalendala imene palibe anaitembenuzapo chiyambire mwezi wa Julaye wa chaka china chakalekale. (Anamwino amati ndi ntchito ya oyeretsa, oyeretsa amati ndi ntchito ya anamwino, kalendala ili phee.) Pa tsamba limenelo pali chithunzi cha munda wa maluwa otchedwa lavenda, obzalidwa m'mizere yowongoka bwino, mtundu wake ngati wa jakaranda wa ku Blantyre mwezi wa Okutobala. Kumapeto kwa munda kuli nyumba ya miyala ya mawindo obiriwira, kuseri kwake phiri lotuwa ndi dzuwa. Pansi pa chithunzi analembapo kuti Provence, dera la ku France.

Amene munakhalapo kuno nthawi yozizira mundimvetsa. Umatuluka m'nyumba kusanache, umaweruka kutada kale, dzuwa umangomva kwa odwala kuti linabwera cha m'ma leveni koloko, linaima pang'ono pawindo n'kubwerera. Ndiye ikakwana buleki ndinkakhala moyang'anizana ndi kalendala ija, kapu m'manja, mapazi akuwawa, n'kumalowa m'chithunzimo. Ndinkadziona ndikuyenda pakati pa mizere ija, diresi loyera likukhudza maluwa uku ndi uku, njuchi zikundipatukira mwaulemu, kamphepo kofunda kakundipita pakhosi. Fungo lake ndinkalimva ndithu (pambuyo pake ndinazindikira kuti linali la sopo wosambira m'manja wa pasinki, koma nthawi imeneyo sindinkafuna kudziwa). Mwamuna m'malotomo munalibe poyamba. Fatsani atandifunsira ndinangomutenga n'kukamuimika kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo la nyumba ya miyala ija.

Ndisanapitirire ndikuuzeni za amalume, chifukwa nkhani yonse yagona pa iwo. Ndi achimwene awo a amayi anga. Bambo atamwalira ndili wamng'ono, iwo ndi amene anandilera ku Ntcheu, ndipo tsiku la mayeso a Sitandade 8, mtsinje utadzadza, anasiya njinga kutsidya n'kundiwolotsa atandibereka kumsana, mapensulo anga atawaluma pakamwa kuti asanyowe. Amanditchula kuti "mayi" popeza ndinatenga dzina la amayi awo. Kumudzi anali mphunzitsi. Kuno anabwera ine ndisanabwere, anapempha boma kuti liwasunge ngati munthu wothawa kwawo, ndipo mpaka nthawi ya nkhani inoyi yankho linali lisanatuluke. Munthu wodikira yankho lotere pasipoti yake imakhala m'manja mwa boma, ndipo akangotuluka m'dziko muno nkhani yake yathera pomwepo, sangabwererenso. Izi ndinkazidziwa. Ndikubwereza dala kuti musadzandimvere chisoni kutsogoloku: ndinkazidziwa bwinobwino.

Kungoti ife Amalawi a kuno za mapepala sitifunsana. Mutha kumufunsa munthu za matenda ake, za mkazi wake woyamba, ngakhale za mano ake oikirira, koma za mapepala ayi. Ndipo chinthu chikakhala zaka ndi zaka osatchulidwa, chimayamba kuoneka ngati kulibe. Ine amalume ndinkangowaona ngati bambo wa jekete la bulauni wokhala ku Rotherham, wosamala kadimba ka tchalitchi kuseri kwa nyumba zogundanagundana zija, kulima mpiru, chomoliya ndi maungu okana kukula, n'kumaweta nkhuku za abusa.

Nkhoswe wanga anali iwo, panalibenso zofunsa. Kwathu ukwati wopanda ankhoswe ndi chibwenzi chabe chimene chavala suti. Amayi ali ku Ntcheu, miyendo siwalolanso ulendo wautali, choncho wamagazi anga mbali ino ya dziko anali mmodzi yekhayo. Atamva kuti Fatsani wabwera ndi mawu, anasankha kamwanapiye kamodzi pa nkhuku za abusa zija, anakapempha, n'kuyamba kukalera padera. Odziwa mwambo mwadziwa kale chifukwa chake: pa chinkhoswe akuchimuna amabwera ndi tambala, akuchikazi ndi msoti, ankhoswe n'kusinthana pamaso pa anthu. Kuno ambiri amangogula nkhuku yowotchawotcha m'sitolo n'kugawana, koma amalume anati mwana wa mlongo wawo sangaperekezedwe ndi nkhuku ya m'pepala.

Fatsani amayendetsa basi muno mu Leeds, ndipo ali ndi mtima umene ntchitoyo imafuna: mutha kumulalatira, iye amangodikira kuti mufike potsikira panu. Nditamuonetsa chithunzi cha kalendala pafoni n'kumuuza kuti chinkhoswe Lachisanu, ukwati Loweruka, zonse pakati pa maluwa amenewa, anachiyang'ana nthawi yaitali, anachikuza ndi zala, kenako anafunsa ngati amalume ndawauza. Ndinati ndikawauza Lamlungu. Anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Lero ndimamvetsa kuti munthu amene sanalowe n'komwe pabanja sangayambe ndi kutchula mapepala a amalume a mkazi wake. Tsiku limenelo ndinangoganiza kuti kukongola kwa chithunzi kwamuthera mawu.

Lamlungu ndinakwera sitima mpaka ku Rotherham, ndipo ndinawapeza kudimba atavala majombo, kamwanapiye kaja kakuwalondola pambuyo. Ndinawapatsa foni. Anavala magalasi, anaiyandikitsa, anaitalikitsa.

"Maluwa amenewa amadya?" anafunsa.

Ndinaseka n'kuwauza kuti ndi a fungo chabe, amapangira sopo ndi mafuta odzola. Anafunsa dzina lake, ndinawauza, ndipo analilemba kuseri kwa envulopu ina imene inali m'thumba la jekete. Anafunsanso ngati dziko limeneli lili kutsidya kwa nyanja. Ndinati inde, koma si patali, pa ndege munthu sumaliza n'komwe kugona. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kundibwezera foni ndi manja awiri.

"Ndamva, mayi. Malo ake ndi okongola."

Munthu woleredwa bwino amadziwa kuti "ndamva" wa munthu wamkulu si "inde". Ine ndinaleredwa bwino ndithu, ndi iwo omwewo, koma m'makutu mwanga munali mutamera maluwa. Ndinabwerera ku Leeds ndikung'ung'udza nyimbo ya kwaya, ndipo ndisanavule n'komwe nsapato ndinalengeza pa gulu lathu la pafoni kuti amalume adalitsa ulendo.

Ukwati wa Mmalawi sukhala wopanda komiti, ndipo komiti ya mbali ino siikhala yopanda Mayi Chisale a ku Bolton. Ndi namwino wamkulu, anabwera kuno ambirife tisanalote n'komwe za ndege, ndipo palibe ukwati, chinkhoswe kapena maliro amene sanakhalepo wapampando. Anandiimbira tsiku lotsatira. Anayamikira maluwa, anayamikira phiri, kenako anatsitsa mawu.

"Mwana wanga, pa plan yakoyi waganizira aliyense? Aliyense ndithu?"

Ndinawatsimikizira kuti ndaganizira onse: odwala shuga, oopa ndege, ngakhale a Mbewe, nkhoswe wa Fatsani, amene sadya chakudya chimene sakuchidziwa dzina. Mayi Chisale anapuma mpweya wautali n'kunena kuti tizipemphera. Ine ndinavomera kuti ameni, poganiza kuti akunena za nyengo.

Mu Novembala tinaganiza zokaona malo ndi maso athu. Ine ndi Fatsani tili ndi mapasipoti a kwathu, choncho ngakhale masiku atatu okhawo anafuna viza. Tinalemba mafomu, tinajambulitsa zithunzi zosamwetulira, tinapita ku Manchester kukadinditsa zala, tinadikira. Apa ndi pamene munthu wamutu wake akanaima n'kudzifunsa kuti, ngati ine wokhala ndi pasipoti m'chikwama ndavutika chonchi, nanga amene alibe? Ine sindinaime. Ndinangotulukamo ndili katswiri. Ndinagula fayilo yaikulu (ya mtundu wa maluwa aja, mungayembekezerenso chiyani), ndinalemba mayina a onse opita ku ukwati, ndipo ndinadzisankha ndekha kukhala ofisi ya viza ya Amalawi onse kuyambira ku Bolton mpaka ku Rotherham.

Ulendo wakewo ndiufotokoze mwachidule. Tinatsika ndege, tinabwereka galimoto, ndipo Fatsani, amene amakhotetsa basi ya nsanjika m'misewu yopapatiza ya mu Leeds ndi dzanja limodzi, anatuluka thukuta ngati wophunzira chifukwa kumeneko amayenda mbali inayo ya msewu. Tinasiya tauni, tinakwera zitunda, misewu inayamba kuchepa. Ndinkasuzumira kutsogolo pa khona iliyonse, podziwa kuti kuseri kwake nditsegukiridwa ndi nyanja ya maluwa ija.

Maluwa kunalibe. Palibe amene anandiuza (kapena anandiuza koma sindinamve, poti mwaona kale mmene makutu anga analili) kuti lavenda amamweta dzuwa likadali lotentha. Tinapeza mizere ya tizitsamba totuwa, tometedwa bwino, kuyambira pamsewu mpaka patsinde pa phiri. Kwinakwake tambala analira. Mbuzi zitatu zinatiyang'ana pamwamba pa mpanda wa miyala. Kunkamveka fungo la utsi wa nkhuni, sitolo imodzi yokha ya m'mudzimo inali yotseka chifukwa mwini wake wapita kukadya, ndipo netiweki inkapezeka pokhapokha ukakwera pachulu china kuseri kwa tchalitchi. Fatsani anazimitsa galimoto, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena motsitsa kuti, "Ndiye tadinditsa zala ku Manchester kuti tibwere ku Tsangano?"

Sananame. Kunali ngati kwathu kachewere atakumbidwa. Koma ndikuuzeni zoona, m'malo moti maloto athe, pamenepo ndi pamene anandigwira kwenikweni. Kuwala kwa kumeneko ndi kwina. Dzuwa la masana linkagona pamakoma a miyala ngati uchi, mthunzi wa mitengo unali wautali ndi wofewa, ndipo kunali bata loti umamva belu la pakhosi pa mbuzi ili kutsidya kwa chigwa. Chichokereni kwathu ndinali ndisanaimepo pamalo poti maso amapita mpaka kukatopa okha. Ndinavula jekete koyamba m'miyezi itatu. Ndinatseka maso, ndipo tizitsamba totuwa tija tinaphuka tonse nthawi imodzi m'mutu mwangamu.

Mwini wa nyumba imene tinasankha anali mayi wachikulire wa manja okhakhala ngati a mlimi aliyense, wodziwa Chingerezi chochepa. Anatizungulitsa pabwalo, pansi pa mtengo waukulu, n'kumaloza ndi dzanja kuti mu Julaye kuyambira apa mpaka uko kumakhala maluwa okhaokha. Anandifunsa kuti adzandiperekeze ndani. Ndinayankha monyadira kuti amalume, ndipo ndinawaona pomwepo, ataima pansi pa mtengowo, jekete la bulauni, msoti m'manja, akumwetulira chammbali monga amachitira. Kenako ndinayesa kufotokoza za msoti. Chifalansa sindidziwa, ndiye ndinakupiza zigongono n'kulira ngati nkhuku pabwalo la eni ake. Mayiyo anaseka mpaka kugwira mtengo, kenako anatitengera kuseri kukationetsa khola lake.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene ndimafuna kubisa nkhope. Nditabwerera ku Leeds ndinakhala sabata yathunthu ndikufufuza ngati nkhuku yamoyo ingawoloke kupita ku France. Ndinawerenga malamulo a ziweto pa buleki. Ndinafunsa mnzanga wina amene mwamuna wake ndi dokotala wa agalu. Zinaoneka kuti mapepala ake ndi ochuluka kuposa a munthu, ndipo zinandiwawa mumtima kwambiri. Ndinaimbira amalume ndi mawu achisoni kuwauza kuti msoti sungathe kuwoloka chifukwa ulibe mapepala, koma asadandaule, tikabwereka wina kwa mayi wa kumeneko.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ndamva, mayi."

Miyezi yozizira inadutsa ndili m'malere. Ndinkasintha mabandeji ndikusankha nyimbo yolowera. Ndinkadikira basi pamvula ndikukonza kuti matebulo adzayang'ane kuphiri. Fayilo inkanenepa. Mmodzimmodzi anthu ankanditumizira zithunzi za mapasipoti awo, ine n'kumachonga. Ena anapepesa kuti ali ndi mashifiti, ena kuti ana ali pasukulu, ndipo sindinadabwe kuti n'chifukwa chiyani anthu ena amene sanaphonyepo ukwati chibadwire akupepesa chaka chisanathe n'komwe. Amalume ndikawakumbutsa ankangoti tikambirana. Fatsani anayesanso kawiri. Ulendo wachiwiri anafika mpaka ponena kuti, "Komatu amalume aja," ine n'kumudula kuti amalume ndi anga, ndimawadziwa, amachedwa pa chilichonse.

Mu Epulo Mayi Chisale anaitanitsa msonkhano waukulu wa mbali zonse ziwiri, m'holo ya tchalitchi ku Rotherham, mapemphero atatha. Akuchimuna anakhala mbali yawo, a Mbewe kutsogolo atavala tayi. Ife mbali yathu, amalume pampando wakumapeto, chipewa pabondo. Tinakambirana za zovala, za kwaya, za amene adzanyamule ufa m'sutikesi. Kenako wapampando anafunsa ngati pali china, ndipo ine ndinaimirira ndi fayilo yanga, mtima uli mbee, ngati mwana amene wakhoza masamu onse.

Ndinayamba kuitana mayina. Uyu zatheka, uyu zatheka, a Mbewe zatheka (ndinawaombera m'manja, Mulungu andikhululukire). Ndinafika pa mzere umodzi wopanda chichongo.

"Amalume, mwatsala inu nokha. Deadline ndi Lachisanu."

"Tikambirana, mayi," anatero osadzutsa mutu.

Mayi Chisale anatsokomola. Fatsani, amene anakhala pafupi nane, anandiponda chala. Ine ndinachotsa phazi n'kupitiriza, ndikumwetulira, kuti anthu aone mmene timachezera ndi amalume anga.

"Ayi amalume, chiyambire Novembala mukungoti tikambirana. Pasipoti ili kuti? Kapena munaibisa pansi pa matiresi n'kuiwala? Nenani pompano, tonse tikuthandizeni kufuna."

Mayi wina amene ankathira tiyi anaimitsa ketulo m'malere. A Mbewe anayamba kuwerenga chikwangwani cha pakhoma chonena za potulukira moto ukabuka. Ndinayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi, ndipo zonse zinali zitaloza pansi, makamaka za aja anapepesa za mashifiti. Ndi pamene chinthu chimene ndinkachidziwa zaka zonsezi chinatsika kuchoka kumene ndinachisunga n'kudzandikhala pachifuwa.

Amalume anaimirira, anamanga batani la jekete, anawerama pang'ono kuyang'ana mbali ya akuchimuna.

"Pasipoti yanga ili ndi eni dziko, mayi. Akundisungira." Anavala chipewa. "Mundikhululukire nonse, ndikaone nkhuku zija, sizinadye."

Anatuluka mwakachetechete, n'kutseka chitseko bwinobwino kuti chisalire. Ndakhalapo ndi manyazi m'moyo, koma awa anali ena. Sanali manyazi oti ndaoneka wopusa, ngakhale ndinaonekadi. Anali oti munthu amene anandibereka kumsana pamtsinje ndamuvula pagulu, pamaso pa anthu amene amayenera kudzakhala nawo maso ndi maso ngati nkhoswe, ndipo ndachita zimenezo ndikuseka. Mayi Chisale sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangotambasula dzanja.

"Bweretsa fayiloyo kuno. Pita ukawapeze."

Kudimba ndi mtunda wa mphindi khumi, ndipo ndinauyenda ndi nsapato za kutchalitchi, kamvula kakuwaza. Ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, akumwaza chimanga. Msoti uja unali utakula, utayamba kale kuikira, koma iwo ankautchulabe msoti ndipo palibe anawatsutsapo. Ndinangogwada pomwepo m'matope ndi diresi langa labwino, misozi ili chuchuchu.

"Dzukani, mayi," anatero. "Mwagwadira maluwa anu."

Ndinayang'ana pansi. Pambali pa bondo langa panali kachitsamba kotuwa, kakafupi, kamasamba osongoka. Pambali pake kena. Mizere iwiri yowongoka ngati yoyezera ndi chingwe, kuyambira pakhola mpaka pampanda, pamene kale pankakhala maungu okana kukula aja. Ndinathyola katsamba n'kukafikisa ndi zala. Linali fungo la sopo wa pasinki ku wodi.

Anandifotokozera ali chikhalire pa ndowa paja. Sabata yomwe ndinawaonetsa chithunzi, anatenga envulopu ija n'kukaonetsa bambo wina wachizungu wa dimba loyandikana nalo, ndipo bamboyo anawagawira mbande. Nthawi yonse yozizira ankazifunditsa ndi masaka. Maganizo awo anali oti tsiku la chinkhoswe adzavale suti, adzaime pakati pa mizere iwiriyi ndi msoti m'manja, ine ndidzawaimbire foni ya kanema ndili ku France, kuti anthu akamaona adzayese tili m'munda umodzi.

Ndinawafunsa kuti bwanji sanandiuze, bwanji sanangonena kuti iwe mwana, ine sindingapite.

"Chibwerereni kuno sindinakuoneni mukusangalala chonchi," anatero. "Ndikanayambira pati?" Anaponyera msoti chimanga china, ndipo ndinaona kumwetulira kwawo kwa chammbali kuja kukubwera. "Komanso tsiku lija munandiimbira za mapepala a nkhuku, ndinalimba mtima. Ndinati, poti mayi afika pa nkhuku, pa ine atsala pang'ono."

Ndinaseka ndikulira, mamina ndi matope zonse pamodzi, ndipo iwo anandipatsa mpango wawo wa m'thumba ngati kale.

Mayi wa ku France uja ndinamulembera kalata yopepesa, ndipo anayankha mwaulemu, n'kufunsanso za nkhuku. Chinkhoswe chinachitika mu Julaye, kudimba la tchalitchi ku Rotherham. Mvula inagwa kawiri, dzuwa linawala katatu. Aja anapepesa za mashifiti anapezeka onse, mashifiti atasowa mwadzidzidzi, ndipo anthu anadzadza mpaka m'madimba a eni ake. Mizere iwiri ija inaphuka. Sinali nyanja ya maluwa, inali yofika m'mawondo basi, koma njuchi zinabwera, ndipo sizinandipatukire mwaulemu ngati za m'maloto. Amalume anaima pakati pa mizere ndi suti yobwereka kwa abusa, anapereka msoti kwa a Mbewe, analandira tambala, ndipo polankhula mawu awo sananjenjemere ngakhale pang'ono.

Wojambula zithunzi anagona chafufumimba m'matope kuti maluwa adzadze chithunzi chonse, ndipo anayesetsa ndithu. Kungoti kumbuyo kwathu, pamene pamayenera kukhala phiri lotuwa ndi dzuwa, kukuoneka makoma a njerwa zofiira ndi zovala za munthu wina zili pachingwe. Chithunzicho chinafika ku Ntcheu nkhani yonse isanafike, ndipo amayi anachizungulitsa mudzi wonse. Mpaka lero amauza anthu kuti ku France n'kokongola, kungoti nyumba zake anamanga mothithikana.

Kalendala ija ikadali pa Julaye. Ndimakhalabe moyang'anizana nayo pa buleki, ndipo ndisakunamizeni kuti ndinasiya kulowamo. Chimene chinasintha n'chakuti m'malotomo, pansi pa mtengo waukulu uja, pamakhala munthu wa jekete la bulauni, ndipo ndikamuona ndimaika kapu pansi, chifukwa yankho la amalume mpaka lero silinatuluke. Fayilo Mayi Chisale anandibwezera. Ndinataya zonse za m'katimo kupatula fomu imodzi yosalemba, ndipo ili m'kabati pansi pa nsalu za patebulo, kudikira tsiku limene eni dziko adzabweze zimene akusunga.

Fatsani ataipeza anapukusa mutu n'kunena kuti sindinaphunzirepo kanthu. Mwina akunena zoona. Koma mwezi watha ndili kudimba, tikumweta maluwa aja, ndinawafunsa amalume mwakachetechete, tili awiri, ngati tsiku lina zinthu zikadzayenda angadzakonde kukaona munda weniweniwo. Anaika chikwakwa pansi, anapukuta manja pa thalauza, n'kuyang'ana mizere yawo iwiri.

Sananene kuti ndamva. Anafunsa ngati kumeneko mbande amagawa.